Ndinkawerengera Amuna Anga Kanyale ka Galimoto

Chitangopita chaka chimene tinavotera zipani zambiri, maso a amuna anga anayamba kuchita nkhungu. Anali makaniko pa Chimbiya. Za masowo tinkadziwa awirife ndi Mulungu basi, pakuti eni magalimoto akanamva, ntchito ikanathera pomwepo.

M'mawa wina wa Juni, chisanu chikulowa m'mafupa, bambo wina wogulitsa kachewere anakankhitsa galimoto yake mpaka pakhomo pathu. Inali ya mtundu watsopano, yokhala ndi kompyuta, ndipo kukazizira inkakana kulira. Amuna anga ankadziwa kuti galimoto zoterezi zimanena zokha matenda awo. Umalumikiza timabowo tiwiri ta m'kabokosi ka pambali pa injini ndi kawaya, n'kupotoza kiyi, ndiye kanyale ka kutsogolo kwa dalaivala kamaphethira nambala ya vutolo. Koma kanyaleko iwo sakanakaona.

"Mayi, tabwerani ndi tiyi kuno!" anandiitana. Nditafika anandinong'oneza kuti, "Khalani pa chiwongolero. Kakamaphethira muziwerenga."

Mwini galimoto anaseka. "Abwana, mwayamba kuphunzitsa amayi udalaivala?"

"Akuyesa mpando," anatero amuna anga. "Ndikufuna kuwagulira yawo."

Ndinapemphera chamumtima kuti, Ambuye, Inu amene munatsegula maso a akhungu, lero mungobwereka angawa. Kanyale kanaphethira kawiri, kanapumira, kanaphethiranso kawiri. Powapatsa amuna anga kapu ya tiyi ndinawagunda pamkono ndi chala momwe kanaphethirira.

"Vuto lili pa kachipangizo koyeza kutentha kwa madzi a mu injini," anatero mosakayika. Analowetsa dzanja pafupi ndi paipi yochokera ku radiyeta, zala zikutsata waya pang'onopang'ono, mpaka zinaima.

"Kodi galimotoyi imagona pafupi ndi nkhokwe?" anamufunsa mwini wakeyo.

"Eya, ku Mayani, kuseri kwa nyumba."

"Makoswe anu atopa ndi chimanga, ayamba mawaya."

Analumikiza wayawo, n'kukulunga ndi tepi. Injini idakali yozizira, inalira kamodzi n'kamodzi. Ine ndinathamangira kukhitchini kuti mlendo asaone misozi.

Bamboyo anauza anzake, ndipo galimoto zina zinayamba kubwera. Iliyonse ikafika, ine ndinkafika ndi tiyi. Pa ukwati wathu abusa ananditcha wowathangatira amuna anga, ine n'kumaganiza za kumunda ndi kuchitsime. Tinagwira ntchito choncho kufikira tsiku limene iwo okha anapachika masipanala, palibe wowachotsa.