Chaka Chimene A Chipewa Anayenda Chambuyo

Ndikukumbukira kuti chaka chimene amai anapita ku Petauke ndi chomwechonso chimene sukulu inandikana. Masiku amenewo aphunzitsi sankafunsa zambiri. Ankangoti dzanja lidutse pamwamba pa mutu likagwire khutu la mbali inayo. Anzanga onse a mu Makandanyama, komboni yathu ya ku Kabwe, anagwira. Ine dzanja linali bwinobwino, vuto linali mutu. Mpaka lero ogulitsa zipewa akandiona amayamba kupepesa ndisanafunse n'komwe.

Chimene makolo anga anayambanirana sindinachimve bwino. Atate, omwe ankagwira ntchito kumgodi monga ankachitira atate awo ochokera ku Dedza, anabwera tsiku lina ali ndi fungo la mowa n'kulankhula mawu oipa okhudza abale a amai. M'mawa mwake amai analongedza sutikesi, anabereka mlongo wanga wakhanda, n'kupita kwawo. Mwezi unatha. Wina unathanso. Atate ankati, "Azabwera okha," koma ankanena akuyang'ana khoma.

Popeza masana panalibe wondiphikira, ndinkadya vitumbuwa kwa Bana Mwila, mayi wa Chibemba amene ankakazinga pafupi ndi geti la msika. Pagetipo pankaima anyamata a chipani ofunsa makhadi, koma ine ndinkangodutsa pansi pa zigongono zawo. Amuna a Bana Mwila ankasesa mu ofesi ina ya njanji, ndipo anawabweretsera mulu wa nyuzipepala zakale za chaka chathunthu, womanga ndi chingwe, kuti azikulungira malonda. M'menemo ndi mmene ndinakumana ndi a Chipewa.

Anali pansi pa tsamba lomaliza, m'timabokosi titatu tondondozana: bambo wowonda wa miyendo ngati bango, chipewa chachikulu chophimba makutu, ndi mbuzi yake yayikulu ya ndevu. Dzina lawo lenileni linali lachingerezi, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti anali atakhala m'nyuzipepala imeneyo zaka zambiri ine ndisanabadwe. Koma ine sindinkadziwa ngakhale chilembo chimodzi. Ndinawapatsa dzina ndekha, ndipo mawu a m'timitambo totuluka pakamwa pawo ndinkawaikamo anga.

"Iwe mwaiche, upenya pepala, chitumbuwa chizizira," anatero Bana Mwila, omwe mwana aliyense ankamutcha mwaiche m'Chibemba chawo. Ataona kuti sindikumva, anayamba kumanding'ambira timabokosi tonse ta nyuzipepala zimene atsegula tsikulo, n'kundisanjira mmene zatulukira pamulu.

Tsono apa ndi pamene panagona nkhani, ngakhale ine ndinaidziwa nditakula. Mu ofesi muja nyuzipepala ankaziunjika mmene zinkabwerera, ya lero pamwamba pa ya dzulo. Bana Mwila ankatenga kuyambira pamwamba. Choncho ine ndinayamba ndi Disembala n'kumatsika kulowera ku Januwale. Chaka chonse cha a Chipewa ndinachiwerenga chambuyo.

Ndinkapita nato timapepalato kuseri kwa nyumba, kumene dzuwa la mwezi wozizira linkafika msanga, n'kugona chagada pathumba. Mafuta a vitumbuwa ankachititsa pepala kuonekera, moti ndikalikweza kudzuwa a Chipewa ankayandama m'kuwala kwachikasu, zilembo za tsamba lakumbuyo zikuoneka m'mimba mwawo ngati nyerere. Kutali sitima ya katundu inkagundanitsa mabogi. Mphepo inkabweretsa fumbi lakuda la kumgodi lomwe linkamveka m'mano. Nthawi zina ndinkasinza, ndipo a Chipewa ankatsika papepala n'kudzakhala pambali panga, mbuzi ikundinunkhiza kuphazi. Sitinkalankhula zambiri. Tonse awiri tinali anthu osiyidwa.

Pakuti m'timabokosi toyamba tija a Chipewa ankakhala okha. Ankapsereza chakudya. Ankachapa malaya oyera pamodzi ndi masokosi akuda. Ankayala mbale ziwiri patebulo, ina n'kuikankhira kwa mbuzi. Anthu a m'tauni ayenera kuti ankaseka, koma ine ndinkangoona nyumba yathu.

Kenako tsiku lina kunatuluka siteshoni. M'bokosi loyamba munali mayi wonenepa wa duku lalikulu, sutikesi ili m'manja, sitima kumbuyo kwake. M'lachiwiri a Chipewa anali atagwada, chipewa chili pachifuwa, misozi ikudumpha ngati chimanga chokazinga. M'lachitatu munali sitima ikupita ndi utsi wake, ndipo pamene panayenera kuoneka anthu panali patadontha mafuta ambiri, osaoneka kanthu. Kwa ine zinali zomveka. Sitima yatsitsa mayiyu, yapita. Mkazi wa a Chipewa wabwera!

Mawa lake zinatsimikizika. Mayi uja anali m'chipinda, sutikesi yotsegula pabedi, zovala zili m'manja. Wojambula ankati akulongedza, ine ndinati akumasula. Kenako mapoto anauluka m'nyumba masiku angapo, ndipo ndinati n'zoona, munthu akachokera kutali ndi mkwiyo ayenera kuutsitsa kaye. Kenako a Chipewa ankabwera ndi mabotolo m'matumba, koma mabotolo aja ankachepa tsiku ndi tsiku mpaka anatheratu. Chinthu chimodzi chokha chinkandidetsa nkhawa: mbuzi inkafupika. Ndevu zinatha, nyanga zinalowa m'mutu. Ndinkaganiza kuti mayiyu akuimana chakudya.

Madzulo atate akaweruka, atasamba n'kukhala pampando pakhomo, ndinkayala timapepala tanga pamaondo awo n'kuyamba kufotokoza. Atate ankadziwa Chingerezi, ndipo pakona ya bokosi lililonse wojambula ankalemba tsiku ndi mwezi m'tizilembo tating'ono. Anaona zonse kuyambira tsiku loyamba. Sanandikonze. Ankangomvetsera, fodya akuzima yekha pakati pa zala, ine ndikuwawerengera zinthu zimene sizinalembedwe.

Tsiku lina anandidula pakati. "Nanga a Chipewa ako anachita bwanji kuti mkazi abwere?"

Ndinafufuza pamulu wanga n'kutulutsa ka siteshoni kaja. "Anagwada, atate. Onani apa. Anavula na chipewa."

Anayang'ana nthawi yaitali. "Ku Petauke kulibe sitima, mwana wanga."

"Ndiye mukagwadire basi."

Atate anaseka mpaka kutsokomola. Kanali koyamba kuwamva akuseka chichokereni amai. Anaseka, anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, kenako tinalowa m'nyumba.

Patapita masiku ochepa anapempha tchuthi kuntchito. Anasita buluku lawo la Lamlungu ndi ayironi ya makala, anandisiya kwa Bana Mwila, n'kukakwera basi ya ku Lusaka, kumene ankati akapezako ina ya kum'mawa. Sanandilonjeze chilichonse. Anangondigwira pamutu, ndipo dzanja lawo, ngakhale linali la munthu wa mumgodi, silinaukwane.

Masiku amenewo anali aatali. Ndinkagona pamphasa imodzi ndi ana a Bana Mwila, akundiseka Chibemba changa chopunduka. Mulu wa nyuzipepala unkatsika, ndipo ndinayamba kuopa kuti ukatha atate asanabwere ndiye kuti zatha. Ndinapempha Bana Mwila kuti azikulunga vitumbuwa ziwiri papepala limodzi. "Imwe bakalamba, malonda ni yanu?" anandifunsa, akundiopseza ndi chipande, koma ndinaona kuti anayamba kung'amba mapepala ang'onoang'ono.

M'timabokosi zinthu zinkangokomerakomera. A Chipewa ndi akazi awo ankakwera njinga imodzi. Ankavina pabwalo. Ankabisala mvula pansi pa chipewa chimodzi. Pomaliza penipeni panali a Chipewa atanyamula kamwana ka mbuzi m'manja ngati khanda, akazi awo akuseka pakhomo. Pansi pake panalibenso china koma chingwe ndi thabwa. Mawa lake vitumbuwa zinakulungidwa m'pepala la thumba la simenti. Ndinalikweza kudzuwa, munalibe munthu. Tsiku limenelo sindinadye.

Anafika Loweruka lina masana, ine ndikutunga madzi pampopi. Ndinayamba kumva kuseka kwa azimayi kukuyenda mumsewu kuchokera kumtunda, nyumba ndi nyumba. Kenako ndinaona chimene ankaseka: atate anga, munthu amene sankanyamula ngakhale mtolo wa ndiwo pamaso pa anthu, atasenza sutikesi pamutu, nkhuku yamoyo ili m'khwapa. Patsogolo pawo pankayenda amai, mwana kumsana, osafulumira, akupereka moni kwa aliyense ngati achokera kutchalitchi. Maondo a buluku la Lamlungu lija anali ofiira ndi dothi losakhala la ku Kabwe.

Chidebe chinasefukira ine nditangoima. Amai anafika, anandiyang'ana kuyambira kuphazi, anandigwira chibwano n'kunditembenuzira uku ndi uku. "Mayo ine, mwana uyu anasamba liti?" Anandikhazika pompo pampopi n'kuyamba kundikwecha ndi mwala, anthu onse akuona. Madzi anali ozizira, mwala unkapweteka, ndipo sindinafune kuti amalize.

Sukulu ndinailowa chaka chotsatira koma sindinapite nayo patali. Kuwerenga kwenikweni ndinadziphunzitsa ndekha, pa chilichonse chogwa m'manja. Lero vitumbuwa amaziika m'timapulasitiki, mgodi unatsekedwa, ndipo adzukulu anga amaonera zojambula zoyenda pafoni. Akafuna kubwerera m'mbuyo amangokhudza ndi chala, ndipo amadziwa bwino kuti kumbuyo ndi kuti. Sindiwadandaulira, koma nthawi zina ndimaona kuti mafoniwo sawapatsa mpata wosokera.

Ndili bambo wa ana atatu ndinapeza nyuzipepala za chaka chija mu laibulale ina, zitasokedwa pamodzi ngati buku lalikulu. Ndinakhala pansi n'kuwerenga kuyambira Januwale, mmene wojambula anafunira. Kambuzi kanakula, mabotolo anachuluka, mapoto anauluka, ndipo m'bokosi lachitatu lija, lopanda mafuta tsopano, a Chipewa anali okha pasiteshoni. Chinali chaka chabwino cha nthabwala, koma chomvetsa chisoni kwambiri. Mtsikana wogwira ntchito mu laibulalemo ataona ndangoti duu, anandifunsa mwaulemu ngati andibweretsere buku la chaka chotsatira, kuti ndione ngati mayi uja anabwerera.

Ndinamuthokoza, n'kumuuza kuti asavutike kukwera makwerero. Amene ine ndinkawadikira anali kunyumba, akukangana ndi atate za amene wasiya geti losatseka.