Jezi Yong'ambika Mapewa Onse Awiri

Ozell Gaither anatuluka mu ofesi ya bwana wake. Sanamuchotse ntchito, koma zimene anauzidwa sizinali kutali ndi pamenepo.

Ntchito yake inali yosaka osewera. Timu ina yaikulu ya mpira wa ku America, mpira uja wa zipewa zolimba ndi kugundana zifuwa, inkamutuma m'makoleji kukaona anyamata oti angathe kusewera ndi akuluakulu. Chaka chilichonse mu Epulo, matimu amasankha anyamatawo mosinthanasinthana, mmodzimmodzi, kwa masiku atatu. Chaka chapitacho Ozell anaikira kumbuyo mnyamata wina wamtali, wamikono italiitali, waliwiro lodabwitsa. Timu inamumvera n'kumusankha msanga. Miyezi itatu isanathe, mnyamatayo anatopa ndi kugundidwa, analongedza katundu n'kubwerera kwawo.

"Unapita ndi tepi yoyezera ndi wotchi, maso unawasiya kunyumba," anatero a Hollis, mkulu wa osaka onse. "Chaka chino upita kumakoleji ang'onoang'ono a ku Mississippi ndi Arkansas. Tikadzamaliza kusankha, tidzaona ngati ukufunikabe pano."

Ozell anatola kope lake n'kutuluka.

Iye mwini anaseweraponso mpirawu ali kukoleji. Anali mmodzi wa otchinga akutsogolo, amuna anayi akuluakulu amene amawerama maso ndi maso ndi adani awo, ntchito yawo kuthyola khoma la timu inayo ndi kugwetsa woponya mpira. Bondo lake linathyoka pamasewera ake omaliza, ndipo palibe timu inamusankha. Amayi ake anali atamwalira kale, kwawo kunalibe womudikira. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi anayendetsa kabasi ka timuyi, kutenga osewera kubwalo la ndege. Nthawi ya nkhomaliro ankakhala kumbuyo m'chipinda choonera mavidiyo a masewera, mpaka anthu anazolowera kumuona, kenako anayamba kumufunsa maganizo. N'chifukwa chake anzake, ngakhale atamukweza, ankamutchabe Dalaivala.

Atachoka kwa a Hollis tsikulo, analowa m'galimoto yake, n'kukhala kanthawi osailiza. Pemphero lake linali lalifupi: "Ambuye, ndipatseni maso."

Miyezi iwiri anayenda m'misewu ya pakati pa minda ya thonje, kugona m'nyumba za alendo zotsika mtengo, kuonera masewera m'mabwalo a anthu ochepa. Kope lake linadzaza mayina, koma panalibe dzina loti n'kuimirira nalo pamaso pa a Hollis.

Lolemba lina mu Okutobala anafika pakoleji ina yaing'ono ku Mississippi. Kumeneko kunali mnyamata wotchuka, dzina lake Sistrunk, wovala nambala 52. Ankaima kumbuyo kwa otchinga akutsogolo aja, ndipo Loweruka lililonse ankagwetsa adani khumi ndi asanu kapena kuposerapo. Ofesi ya mphunzitsi inali yodzaza ndi osaka a matimu ena, onse odzafunsa za Sistrunk. Mpando panalibe. Bondo la Ozell linali litatupa ndi ulendo, choncho anatsikira kunsi kwa bwalo kukafuna madzi oundana.

Anasochera n'kulowa m'chipinda chochapira. Makina anali kulira, ndipo pakona panali mayi wachikulire, magalasi ali pamphuno, akusoka.

"Khalani pansi musanagwe, bambo," anatero mayiyo, akukankha mpando ndi phazi. "Thupi limenelo mukagwera muno ndilibe wondithandiza kukudzutsani."

Anali mayi Vernice, wochapa zovala za timu. Asanapemphedwe, anakatapa madzi oundana, anawakulunga m'thaulo n'kumuikira pabondo okha.

"Inunso mwabwerera Sistrunk?"

"Eya, amayi."

"Nonse mumabwerera Sistrunk. Mwana wabwino, sindikukana. Koma taonani kuno." Anapisa m'dengu n'kutulutsa jezi ya nambala 52. "Iyi wasewera nayo dzana. Ndikhoza kuivala kutchalitchi osachapa, abusa osadziwa kanthu."

Ozell anaseka, koyamba pamasabata angapo.

"Ndiye onani iyi." Anamuponyera imene ankasokayo, nambala 94, yofiira ndi dothi. "Ya Tavarius Boudry. Lolemba lililonse ndimaisoka, phewa ili ndi phewa ili. Ulusi wa pakoleji pano umathera mwana ameneyu."

Ozell anaitembenuza jeziyo pang'onopang'ono. Misoko yakale ndi yatsopano inali itasanjikizana m'mapewa onse awiri. Munthu amene anaimapo pamzere umenewo amadziwa tanthauzo lake. Mdani mmodzi akakugwira, amang'amba mbali imodzi. Mapewa onse awiri sabata ndi sabata, ndiye kuti akukugwira anthu awiri. Ndipo ngati awiri atanganidwa ndi munthu mmodzi, pali wina kumbuyo amene akuthamanga popanda womukhudza.

Anatsegula kope lake. Boudry anali atagwetsa woponya mpira kamodzi kokha chaka chonse. N'chifukwa chake palibe analemba dzina lake, ngakhale Ozell yemwe.

"Ndi mwana wotani, amayi?"

"Masokosi ake amawatembenuza yekha asanawaponye m'dengu. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndili pano, iyeyu ndi wachitatu kuchita zimenezo. Lembani m'bukumo ngati muli malo."

Ozell analemba.

Masiku atatu otsatira anakhala m'kachipinda ka mavidiyo ka pakolejipo. Maso a munthu amakonda kutsata mpira, ngakhale maso a wosaka. Choncho anang'amba katoni n'kuimata pa kanema, kuphimba kwina konse, kusiya kampata koonera nambala 94 yekha. Anaonera masewera asanu ndi awiri motero, kubweza ndi kubwezanso. Pa kugundana khumi kulikonse, kasanu ndi kawiri Boudry ankakhala ndi amuna awiri pachifuwa. Sankabwerera m'mbuyo. Mapazi ake ankakumba pansi ngati chitsa.

Tsiku lachinayi anamupeza mnyamatayo kumalo odyera, mbale ya mlamba wokazinga ili patsogolo pake. Anali wamfupi poyerekeza ndi anzake, wotambalala ngati chitseko.

"Boudry, chaka chonse wagwetsa woponya kamodzi kokha. Sufuna kapena?"

"Ndani safuna, bwana?" anayankha akumwetulira. "Azakhali anga amandifunsa ngati ndimaseweradi, chifukwa pawailesi dzina langa silimveka."

"Nanga bwanji sulumpha n'kukamugwira?"

"Aphunzitsi anati malo anga ndi pakati, ndigwire awiri, ndisasunthe. Ndikathamangira kutchuka patsala chibowo, ndiye adutsa pomwepo." Anakankhira mbale kwa Ozell. "Tengani chidutswa, bwana. Mukuoneka kuti simunadye."

Mu Febuluwale anyamata odziwika anaitanidwa kumsonkhano waukulu woyezedwa ndi kuthamangitsidwa. Boudry sanaitanidwe. Mu Malichi Ozell anabwerera pakolejipo kukamuyeza yekha. Anatambasula tepi kuchokera paphewa kufika kunsonga ya chala, anayang'ana, anayezanso. Mikono inali yaifupi ndi inchi yathunthu pa muyezo umene matimu amafuna. Liwiro nalonso silinali losiririka.

Apa ndi pamene mtima wake unagwedezeka. Njira yosavuta inalipo. Akanatha kulemba za Sistrunk basi, monga osaka onse analembera, ndipo zikanalakwika mlandu ukanakhala wa aliyense. Koma kubweretsa mnyamata wamikono yaifupi, wapakoleji yosadziwika, iye amene analakwitsa kale kamodzi? Analemba lipoti lozizira, losaikira kumbuyo wina aliyense. Analiwerenga kawiri. Kenako anagwada pambali pa bedi ndi bondo lake labwinolo, ndipo atadzuka analifufuta.

Kumayambiriro kwa Epulo osaka onse anasonkhana kulikulu la timu. Pakhoma panali makadi a mayina mazana awiri, osanjidwa kuyambira wofunika kwambiri mpaka wotsiriza. Dzina la Boudry panalibe. Mwambo wa a Hollis unali woti pomaliza amafunsa wosaka aliyense ngati ali ndi dzina losowa pakhomapo limene angaimirire nalo. Ambiri ankapukusa mutu, chifukwa dzina lotero limakutsata kulikonse.

Atafika pa Ozell, iye anaimirira.

"Tavarius Boudry, bwana. Wotchinga wa pakati."

Mapepala anayamba kuphethira. Pruitt, wosaka wakale wodziwika ndi pakamwa, ndiye anayamba kupeza miyezo ija.

"Aa, Dalaivala!" anafuula. "Chaka chatha unatibweretsera wamikono wopanda mtima. Chaka chino watibweretsera wopanda mikono? Chaka chamawa utibweretsera mutu wokha!"

Chipinda chonse chinafa nacho chiseko. Ozell anadikira chithe.

"Ndipempha mphindi khumi zokha, bwana."

A Hollis anagwedeza mutu. Ozell anatulutsa katoni ndi zomatira, n'kuphimba kanema wamkulu wa timu monga anachitira ku Mississippi.

"Uyu wayamba misala," anang'ung'udza wina.

"Musafune mpira," anatero Ozell. "Werengani manja amene ali pa munthuyu."

Vidiyo inayamba. Manja anayi. Kugundana kwina, manja anayi. Kwinanso, amuna awiri akukankha ndi mphamvu zonse, nambala 94 ali pomwepo. Kenako Ozell anamatula katoni n'kubweza zomwezo, ndipo onse anaona Sistrunk akudutsa pampata woyera n'kukagwetsa munthu popanda womukhudza ndi chala chomwe.

"Bwezanso," anatero a Hollis.

Mphindi khumi zinasanduka ola. Chiseko chinali chitatha.

"Komatu amenewo ndi ana asukulu," anatero Pruitt, mawu atatsika. "Kuno akumana ndi zimphona, mikono ngati mitengo ya magetsi."

"Zoona, achimwene," anayankha Ozell. "Mwina zimukanika. Koma uyu sathawa."

A Hollis anavula magalasi n'kumuyang'anitsitsa. "Gaither, ukudziwa kuti uyu akagwa mugwera limodzi?"

"Ndikudziwa, bwana."

A Hollis anatenga khadi latsopano, analembapo dzinalo ndi dzanja lawo, n'kulimata pansi penipeni pa khoma.

Masiku osankha anafika. Sistrunk anatengedwa ndi timu ina pa tsiku lachiwiri. Loweruka masana makadi anali atatha pakhoma, ndipo timu ya Ozell inatsala ndi mwayi umodzi womaliza. Makadi awiri anali patebulo la a Hollis: la Boudry, ndi la mnyamata wina wamtali wapakoleji yotchuka. Ozell anakhala kumbuyo, manja atawapanikiza pakati pa mawondo, milomo ikuyenda popanda mawu.

A Hollis ananyamula foni, anayimba nambala, kenako anatembenuka n'kuitambasulira kumbuyo.

"Wako uyu. Muuze wekha."

Ozell anailandira ndi manja awiri.

"Boudry? Ndine Gaither. Takusankha, mphwanga."

Pafonipo, chapatali, kunamveka mayi wina akulira n'kutchula dzina la Yesu mobwerezabwereza.

"Bwana," anatero mnyamatayo, "ndibwere liti?"

Koma nkhani inali isanathe. Kusankhidwa si kulowa m'timu. Mu Julaye amuna makumi asanu ndi anayi amayamba zokonzekera padzuwa lotentha, ndipo kumapeto kwa Ogasiti amatsala makumi asanu ndi atatu okha. Za Ozell a Hollis anangoti, "Tiona mu Ogasiti."

Sabata yoyamba Pruitt anaoneka ngati ananena zoona. Zimphona zija zinkamugwira Boudry iye asanazifikire, n'kumugoneka chagada. Ozell ankaima kuseri kwa mpanda. Mnyamatayo ankadzuka, kulavula udzu, kubwerera pamzere. Anaphunzira kuwerama kwambiri, kulowa pansi pa mikono italiitaliyo isanatambasuke. Pofika sabata yachinayi, aphunzitsi anayamba kumuikira awiri.

M'mawa wa tsiku lochepetsa osewera, Ozell anaima m'khonde la ofesi, osalimba mtima kufunsa aliyense. Anyamata ankadutsa ndi zikwama zawo, mitu ili pansi. A Hollis anatulukira atanyamula kapu ya khofi, n'kumupeza pomwepo.

"Gaither, ukulondera khoma? Mnyamata wako ali kokweza zitsulo, watsala m'timu. Iwe Loweruka kuli masewera ku Arkansas. Nyamuka, msewu ndi wautali."

Ozell anapita kugalimoto, ndipo misozi inayamba asanatseke chitseko.

Boudry anasewera m'timuyo zaka zisanu ndi zitatu. Ozell akusakabe osewera, ndipo lero ndi iye amene amaphunzitsa osaka atsopano.

Inu amene mukuwerenga, mwina munalakwitsapo pamaso pa anthu ndipo sanaiwale. Mwina mukugwira ntchito yolemera imene ulemu wake ukupita kwa wina. Mulungu sayang'ana kumene khamu likuyang'ana, ndipo ali ndi anthu ake m'malo amene simukuwaganizira. Mtima usagwe. Mawa kukacha, dzukani, mukaimenso pamalo panu.