Tsiku Limene Bambo Anafuna Vinyo

Ndinanyamuka ku Lilongwe kusanache kukatenga bambo ku Tsangano, n'kutsika nawo ku chipatala. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Dokotala anawaona mphindi zochepa chabe, n'kunena zomwe ankanena nthawi zonse, kuti magazi akuthamangabe, achepetse mchere, asiye nyama ya ng'ombe. Unali mwezi wachisanu ndikuyenda ulendo womwewu ndekha, chifukwa alongo anga onse awiri ali ku Joni ndipo chawo n'kuimba foni basi.

Pobwerera msana unkandiwawa. Ndinkangofuna kukawatula kunyumba mvula isanawononge msewu. Koma tisanakhotere njira ya ku Tsangano, bambo anagogoda pagalasi la galimoto.

"Ima apa. Ndikufuna nyama."

"Bambo, simunamve zimene anena adokotala?"

"Ndamva. Ima."

Mphamvu zokangana ndinalibe. Malowo anali nyumba ya malata yokhala ndi khonde lalitali, mipando ya pulasitiki, ndi mgolo wodula pakati umene ankawotcherapo nyama. Madalaivala a mathiraki atatu ankadya pakona, osayankhulana. Mwini malo, mayi wamkulu ndithu wovala epuloni yothimbirira ndi utsi, anabwera kudzatifunsa chomwe tidye. Ndinaitanitsa nyama yowotcha ndi tchipisi, n'kuwapempha kuti mchere asathire.

Mayi aja akutembenuka, bambo anati, "Amayi, vinyo muli naye?"

Ndinawayang'ana. Bambo anga ndi mkulu wa mpingo. Chibadwire changa ndinali ndisanawaonepo akumwa china kupatula tiyi ndi thobwa.

Mayi aja sanadabwe. Anabwera ndi zinthu zitatu n'kuziika patebulo: katoni ya vinyo wotsekemera, chigubu chagalasi chochokera ku Mozambiki, ndi botolo limodzi lodzaza fumbi.

"Wa m'katoniyu ndiye amayenda malonda, achikulire," anatero. "Wa m'chigubuyu ndi waukali, amamukonda ndi anthu a kumalire. Botololi ndi la ku Joni, koma lakhalitsa pashelefu. Palibe amalifunsa."

Bambo anayamba kusankha ngati akugula ng'ombe. Ananunkhiza pakamwa pa katoni, n'kuikankhira kumbali. Chigubu anachipendeketsa, n'kuchiyang'anira kudzuwa nthawi yaitali. Ine maso anali ku mitambo yomwe inkada kumapiri. Kenako anatenga botolo lija, n'kulipukuta ndi mkono wa jekete. Papepala lake panali chithunzi cha mapiri ndi mizere ya mphesa.

"Tandiwerengera, maso angawa."

Ndinawerenga dzina la famu ndi la chigwa, lilime likupunthwa pa mawu achibunu. Bambo anandikonza katchulidwe ka dzina la chigwacho.

"Si famu yathu," anatero, "koma mapiri ndi omwewa."

Ine ndinkadziwa kuti bambo anagwira ntchito ku migodi ya ku Joni. Ndi zomwe tinkauzidwa tili ana. Sindinkadziwa kuti chifuwa chitawavuta anachoka kumgodi, n'kukatha zaka zinayi akuthyola mphesa kufupi ndi mzinda wa Kepi.

"Tikaweruka, kapitawo ankatiimika pamzere, n'kutithirira vinyo m'zitini za jamu," anatero. "Wotsalira pansi pa migolo, wa nsenga. Wa m'mabotoloyu ife tinkangomukweza m'mathiraki. Sindinamulawepo. Nditabwera kuno ndinalowa mpingo, nkhani n'kuthera pomwepo."

Ndikanakonda kunena kuti mawuwa anandikhudza pomwepo, koma lingakhale bodza. Ndinkaganiza za matope a pamsewu, ndi ntchito yomwe inkandidikira mawa lake. Ndinangoti, "Ndiye titenge limeneli?"

"Limeneli."

Chotsegulira panalibe. Mayi aja anakankhira chitsekero m'kati mwa botolo ndi chogwirira cha supuni, vinyo n'kuwathovukira pa epuloni. Anathira pang'ono m'tambula yomwera madzi. Ine ndinakana chifukwa ndinkayendetsa galimoto.

Bambo anagwira tambula ndi manja awiri. Anamwa pang'ono, n'kusunga vinyoyo m'kamwa, kenako n'kumeza. Mayi aja anawafunsa.

"Ali bwanji, achikulire?"

"Ndi yemwe uja," anayankha. "Kungoti uyu amusefa."

Anaseka pang'ono, kusekako n'kusanduka chifuwa. Anamwanso kawiri, n'kuika tambula pansi isanathe. Nyama itabwera anadya nthuli ziwiri zokha, mano atawakanika. Ndinawadulira ina ting'onoting'ono koma anapukusa mutu. Ine ndinadya tchipisi zozizira osamva kukoma, yotsalayo mayi aja anatikulungira m'nyuzipepala. Botolo analitseka ndi chitsononkho.

Mvula inatipeza pachitunda choyamba. Galimoto inkaterereka, ine nditagwira chiwongolero mpaka zala kuchita dzanzi. Bambo anagona njira yonse, botolo lili pakati pa mawondo. Anadzidzimuka titayamba kuona minda ya kachewere ya kwathu.

"Botololi upite nalo kwanu," anatero. "Mayi ako asalione."

Ndinalibisa pansi pa mpando. Mayi anatilandira ndi ambulera, n'kulandira nyama ija mokondwa, osafunsa kumene yachokera.

Mwezi wotsatira tinadutsanso pamalo paja. Utsi unkafuka, mayi aja ali pakhonde akutembenuza nyama. Ndinachepetsa liwiro, koma bambo ankayang'ana kutsogolo, ndiye ndinapitirira. Botolo lija linakhala m'kabati yanga kuseri kwa mafuta ophikira mpaka vinyo anasasa. Loweruka lina ndikukonza m'khitchini ndinamukhuthulira musinki, n'kutsegula mpopi.