Nyimbo Imene Ndinaidula Pakati

Kansungwi kaja ndimakaonabe m'maso mwanga. Kumapeto kwake kunali kansalu kofiira, kolumikizalumikiza, kotalika kuposa khonde lathu. Mng'ono wanga ankati imeneyo ndi riboni.

Zinayambira ku Mitundu, m'nyumba yoonetsera kanema. Kumeneko anaona mtsikana wakunja, katswiri wovina ndi riboni, akuponya mwendo mpaka kumutu, kenako akuvekedwa mendulo. Kuyambira nthawi yokolola mpaka miyezi yozizira, iye ankayeserera kuseri kwa chigafa cha fodya. Wailesi tinalibe, ndiye woimba ndi kuwomba m'manja ndinali ine. Mapesi ankamucheka zidendene, fumbi linkatilowa m'kamwa, koma nsalu ija ikamalira mumphepo tonse tinkaseka.

Ine ndinali mwana wotamandika. Ndinkagwada polankhula ndi akuluakulu, ndipo amalume ankakonda kunena kuti, "Woleredwa ndi uyu yekha." Mawu amenewo ndinkawakonda kwambiri, kuposa mmene ndikanayenera.

Aphunzitsi atamva, analemba mng'ono wanga kuti akavine ku Nathenje, kumene sukulu zingapo zinakumana potsekera chaka. Anavala kabudula mkati mwa diresi. Tisanalowe m'bwalo anandigwira dzanja. "Achemwali, muziimba basi. Musaleke."

Poyamba anthu anakondwa. Kenako iye anakweza mwendo, phazi n'kupitirira khutu. Anyamata anaimba mluzu. Mayi wina anaphimba nkhope ndi chitenje. Ndinayang'ana pa benchi ya makolo, pamene panakhala amayi ndi amalume, maso anga n'kukumana ndi a amalume. Anapukusa mutu kamodzi kokha. Nyimbo inandifera pakamwa, manja ndinabisa kumbuyo.

Palibe anandiuza kuti ndileke. Ndayesa zaka zambiri kukumbukira mwina, koma palibe.

Iye anacheuka kundifuna, ine ndinayang'ana pansi. Anapitiriza yekha, milomo ikuwerenga, bwalo lili zii, kukungomveka kondakitala wa minibasi akuitanira kumsewu. Riboni inamukola mwendo, anagwa chagada, anthu anaseka. Anadzuka, fumbi lili mbuu kumsana, n'kumaliza.

Lero ali ku Joni. Anapeza omuphunzitsa, anapambana mipikisano, ndipo pano akuphunzitsa ana. Mendulo zake ndimaziona pa foni. Za tsiku lija sanandifunsepo, ndipo ine sindinayambepo nkhaniyo.

Tsiku lija pobwerera kuchokera ku Nathenje, amalume anandigulira mandasi awiri. "Watichotsa manyazi," anatero. Ndinadya onse, mng'ono wanga akutsimphina kumbuyo kwathu. Ndinkadikira kuti amayinso andiyamikire, koma mpaka kufika kunyumba sanatero.

M'mawa mwake anachapa riboni ija ndi sopo wochapira zovala za kutchalitchi, n'kuiyanika kutsogolo, panjira imene amalume ankadutsa. Ndinaona timisoko take tating'ono, tofanana ndendende ndi ta zigamba zimene amayi anandisokera pa yunifolomu yanga. Nthawi imeneyo ndinangoganiza kuti amayi asowa poyanika.