Azakhali m'munda wa tiyi tsiku la Sabata

Ndinakulira m'manja mwa azakhali, alongo awo a bambo anga, m'kanyumba kathu kumalire kwa esiteti. Bambo ali ku Joni, mayi anamwalira ndili wakhanda. Azakhali anatchola tiyi moyo wawo wonse mpaka msana unakana, ndipo Sabata ankalisunga kuposa munthu wina aliyense amene ndikumudziwa. Lachisanu dzuwa likamapendeka, makala a ayironi amakhala atazimitsidwa kale.

Ndili Fomu 3 anayamba kuiwala. Poyamba zinali zoseketsa, mchere mu tiyi, duku pamwamba pa duku lina. Kenako tsiku lina anandiyang'ana nthawi yaitali ndikuchokera kusukulu, n'kufunsa kuti ndikufuna ndani. Ndinaseka. Ndilibe wina wondiitana kuti mwanawe.

Anamwino ena a kutchalitchi kwathu anatithandiza kupita kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Kumeneko anawavula duku, n'kuwamata timawaya m'mutu monse. Azakhali anachita manyazi ndi imvi zawo pamaso pa dokotala wamwamuna, ndiye ndinawagwira dzanja. Pakompyuta panayamba kuyenda timizere tokwera ndi kutsika. Adokotala anati ubongo umatulutsa timafunde ta magetsi, ndipo ta azakhali tikuyenda mochedwa, ngati ta munthu amene akuwodzera chonsecho ali maso. Si ufiti, si misala, anatero. Mankhwala ochiziratu kulibe. Anandilangiza kuti akasokoneza zinthu ndisamakangane nawo.

Ndinayang'anitsitsa timizereto. Ndinkafuna kudziwa ngati ine ndikadalimo penapake.

Sabata lina m'mawa ndikuchokera kosamba ndinapeza chitseko chili pululu. Azakhali ndinawapeza m'munda wa esiteti, tiyi akuwalekeza m'chiuno, manja akuthamanga pamwamba pa mitengo, masamba awiri ndi kansonga, n'kumaponya kumsana kumene kunalibe dengu. Ndinawauza zoona, kuti lero ndi Sabata. Anaimika manja m'mwamba ngati apsa. Analira tsiku lonse, osadya, akufunsa ngati Mulungu wawaona. Kutacha anaiwala chifukwa chake, koma maso anali otupabe.

Patapita masabata angapo zinachitikanso. Ulendo uno anthu anali atayamba kale kudutsa mumsewu kupita kutchalitchi, amayi a Dorika ndi mabaibulo m'manja, ena akucheuka, ena akunamizira kuti sakuona. Palibe anapatuka. Ndinalowa m'mizere ndi diresi yanga ya kwaya, mame akundinyowetsa mpaka m'mimba.

“Achemwali, mwachedwatu,” anatero azakhali osadzutsa mutu. “Akapitawo akakuonani mulemba m'madzi lero.”

Ndinafuna kukuwa kuti ndine, mwana wanu. Ndinafuna atembenuke andikalipire chifukwa cha diresi yonyowa. Koma ndinakumbukira kulira kuja.

“Akapitawo ati tiweruke,” ndinatero. “Sikelo yafa.”

“Yafanso? Sikelo imeneyi ndi yaulesi kuposa eni ake.” Anaseka, n'kupukuta manja pachitenje. “Tiyeni nanga. Inu manja anuwo, mwayamba liti ntchito? Osalala ngati a kalaliki.”

“Ndangoyamba kumene.”

“Muzolowera. Musamatchole ndi zikhadabo, tsamba limada.”

Tinatuluka m'munda, iwo patsogolo ine pambuyo, kudzera kanjira ka m'mabulugamu kuti tisakumane ndi anthu. Nyimbo za kutchalitchi zinkamveka chapatali, koma sanazilabadire. Ankayenda mwamphamvu ngati m'zaka zawo zakale, akundiuza mizere imene ili ndi njoka ndi akapitawo amene amabera pasikelo.

Tikuyandikira kunyumba anachepetsa liwiro.

“Ine ndili ndi mwana pakhomopa,” anatero. “Wa mlongo wanga, koma ndi wanga. Mutu wake ndi wakuthwa. Ameneyo dengu sadzaliberekapo ayi, adzakhala namwino.”

Sanandiuzepo zimenezi ali bwino. Ankangoti werenga, usiye phokoso.

“Mumamudziwa?” anafunsa.

“Ndimamuona,” ndinayankha.

“Lowani mumudikire, sachedwa.”

Anandiyalira mphasa pakhonde monga amachitira ndi alendo, iwo n'kukhala pambali panga, maso kunjira. Tinamudikira limodzi mpaka anthu anatuluka m'tchalitchi.