Njinga Yofiira pa Mphambano ya Luwawa

Dzulo njinga zamoto za alendo okonda kuyenda m'mapiri zinaima pamsika wa Mzimba. Fungo la matayala otentha linandibwezera pamphambano ya ku Luwawa, pomwe ndinkagulitsa bowa ndili kamtsikana.

Tsiku lina njinga zotere zinatsika phiri zikupendekeka m'makona, nkhungu ikadali m'mitengo ya paini. Anafe tinazithamangira tikukuwa kuti azungu. Yofiira inaima pafupi nane. Mwini wake atavula chisoti, ndinaona munthu wakuda, wa mpata pakati pa mano ngati ine. Anandipatsa switi.

"Iwe mwana, NyaJere akukhalabe kuseri kwa damu?"

NyaJere ndi amayi anga. Nkhopeyo ndinaizindikira. Inali pachithunzi cha pakhoma kwathu, cha bambo anga amene anapita ku Joni ine ndikukwawa. Ndinayang'ana diresi langa long'ambika ndi mapazi amatope, n'kuchita manyazi.

"Eya, dada," ndinatero ndikuloza njira.

"Yewo chomene," anathokoza, n'kuliza njinga. Kwathu dada ndi bambo, koma iwo liwulo anangolimva ngati ulemu wamba.

Ndinakula ndikuganiza kuti sanandidziwe chifukwa cha litsiro langa. Ndazindikira mochedwa kuti woyenera kuchita manyazi tsikulo sanali ine.