Manja Amene Sanakwezedwe

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene tinkakhala ku Rockville, kutsidya kwa nyanja, moyang'anizana ndi a Marek, mphunzitsi wa payunivesite ya boma ku Poland, amene anabwera kudzachita kafukufuku. Tsiku lina anadzatisiyira mphaka wawo. Ankapita kwawo kukavota, chifukwa yunivesite yawo inkasankha mkulu watsopano.

Ine ndinaseka. Kukwera ndege chifukwa cha hedimasitala? Iwo sanaseke. Anati kale chipani cha boma ndicho chinkalamula woti awatsogolere, koma tsopano aphunzitsi, ophunzira ndi antchito ena amasankha nthumwi, nthumwizo n'kusankha mkuluyo, ndipo iwo anali mmodzi wa nthumwizo.

Bambo anga anamvetsera mwatcheru. Kumudzi ankaphunzitsa payunivesite mpaka tsiku limene anauzidwa kuti asapondekonso, popanda kufunsa mnzawo ndi mmodzi yemwe. Kuno ankasambitsa okalamba.

Posakhalitsa nkhani inabuka pa sukulu yathu ya Loweruka, m'chipinda chapansi pa tchalitchi chonunkha khofi ndi kapeti yonyowa. Mayi Nachisale, nesi amene ankatiphunzitsa Chichewa maso ali psuu ndi kutopa, anauzidwa ndi mkulu wina wa mpingo kuti asiyire malo mkazi wake. Pamsonkhano wa makolo umene unachitikira m'chipindamo, bambo anaimirira.

"Pepani akuluakulu, sukuluyi ndi ya aphunzitsi, makolo ndi ana. Bwanji tivote?"

"Mwayambanso zija zinakuchotsetsani ntchito?" anatero mkuluyo. "Chabwino, ofuna a Nachisale akweze manja."

Anthu omwewo amene anavina mpaka thukuta atamva kuti matipate yapambana kumudzi, anayamba kufunafuna zinthu m'zikwama. Dzanja la bambo linaima lokha. Ndinakweza langa, koma mayi wina kumbuyo analigwetsa n'kunditsina.

"Iwe, mwana sakweza dzanja pakati pa akulu."

Mayi Nachisale anatolera choko chawo, anapinda bondo potsazika, n'kutuluka. Sanabwererenso. Mkazi wa mkulu uja anaphunzitsa milungu ingapo n'kutopa nazo, sukulu n'kufa.

Mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwira, ndipo amene amandikwiyitsa kwambiri si mkuluyo ayi, koma makolo aja. Pakhomo panalibe wapolisi, panalibenso ndende yowadikira. Mantha anachita kubwera nawo okha kuchokera kumudzi. Ndinazindikira kuti sukulu ikasiya kudzisankhira oitsogolera, amene amalipira ndi ana. Mng'ono wanga anali ndi zaka zisanu tsiku limenelo. Agogo anamwalira asanamvepo moni wake wa Chichewa pafoni.